Chimbale chachiwiri cha Pink Floyd: kodi anataya kapena anapeza?

Bambo a Tadala:
Abale anga pagulu pano, ndabwera ndi nkhani yomwe yandigwira mtima sabata yonseyi. Ndakhala ndikumvera zimbale ziwiri zoyambirira za Pink Floyd, gulu la rock la ku England, motsatizana: The Piper at the Gates of Dawn cha mu Ogasiti 1967, kenako A Saucerful of Secrets cha mu Juni 1968. Pakati pa ziwirizi sipanadutse ndi chaka chomwe. Kampani ndi yomweyo ya EMI, wowajambula ndi yemweyo Norman Smith, ndipo nyimbo zambiri anazijambulira mu situdiyo yomweyo ya ku Abbey Road mu London. Koma mukatsinzina n'kutchera khutu, mungalumbire kuti ndi magulu awiri osiyana. Choyambacho n'chopepuka miyendo, chimajowajowa ngati kamwana ka mbuzi m'mawa. Chachiwiricho chimayenda mwachifatse, cholemera, ngati munthu wosenza mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri.

Ambiri amati chachiwirichi n'chofooka, chimbale cha gulu lomwe mutu wake waduka. Ine ndikukana. Ndikuti apa ndi pomwe panabadwira Pink Floyd yomwe dziko lonse linadzaidziwa pambuyo pake. Tiyeni tikambirane, ndikufuna ndimve maganizo anu.

Malume a ku Leeds:
A Bambo a Tadala, ndimakulemekezani kwambiri pa nkhani za nyimbo, koma apa ndiye tisiyana. Pa nyimbo 11 za mu Piper, zisanu ndi zitatu analemba Syd Barrett yekha, mnyamata wa zaka 21. Tamverani zomwe ankaimba: mphaka, njinga, chiopsezo cha m'munda, mayi akuwerengera mwana nthano asanagone, nyenyezi zakumwamba. Nyimbo iliyonse ili ndi nkhope yakeyake, ndipo mukaimva kamodzi imakukakamirani m'mutu tsiku lonse. Tsopano bwerani ku Saucerful. Nyimbo zisanu ndi ziwiri zokha, ya Syd imodzi basi, nayonso anaiika kumapeto kwenikweni. Zina ndi zotsalira za 1967, zina ndi za anthu omwe anali asanaphunzire kupeka. Ndi nsalu ya zigamba imeneyo. Sindikunena kuti mulibe zabwino, koma kunena kuti chikuposa choyambacho, ayi ndithu.

Yamie:
Pepani akuluakulu, ine ndine mwana pa nkhaniyi. Pink Floyd ndimaidziwa chifukwa cha The Dark Side of the Moon ndi The Wall basi. Syd Barrett ameneyu anapita kuti? Anakangana ndi anzake?

Bambo a Tadala:
Wafunsa bwino Yamie, chifukwa osadziwa zimenezi sungamve chomwe chikuchitika m'chimbalechi. Poyamba gululi linali la anthu anayi: Syd Barrett pa gitala ndi kuimba, Roger Waters pa bezi, Richard Wright pa limba, Nick Mason pa ng'oma. Chaka cha 1967 chinawayendera mothamanga kwambiri. Mu Malichi anatulutsa Arnold Layne, mu Juni See Emily Play yomwe inafika pa nambala 6 ku Britain, mu Ogasiti chimbale, nachonso pa nambala 6. Kampani inkafuna nyimbo zina zogulitsa, mausiku anali odzaza ndi zoimbaimba mzinda ndi mzinda, ndipo katundu yense wopeka anali pa mutu wa Syd.

Chakumapeto kwa chakacho mutu wake unayamba kusokonekera. Ankamwa kwambiri mankhwala ozunguza bongo a LSD, ndipo panalinso matenda a m'maganizo. Ankatha kuima pa siteji osakhudza gitala, kapena kumangokhwefula zingwe anthu akuonerera. Ulendo wawo woyamba wa ku America unathera panjira. Nyimbo yotsatira, Apples and Oranges, sinagulidwe. Anzakewo anaitana David Gilmour, mnzake wa Syd wa kwawo ku Cambridge, kuti azimuthandizira gitala. Mu Januwale 1968 anaimbako kangapo ali asanu. Kenako tsiku lina akupita kukaimba ku Southampton, anangogwirizana m'galimoto kuti asakamutenge. Mu Epulo analengeza kuti wachoka. Ndiye chimbale chachiwirichi anachiyamba ali naye, n'kuchimaliza iye palibe.

Yamie:
Eee, kungomusiya osamuuza? Zomvetsa chisoni bwanji.

NaPhiri:
Zimenezo ndibweranso nazo Yamie, zimandikhudza pafupi. Pitirizani kaye za maimbidwe.

Wang'oma wa ku Bangwe:
Ine ndilankhule za mbali yanga, ng'oma. Malume, musanatseke mlandu, ikani mahedifoni mumvere Set the Controls for the Heart of the Sun, koma khutu lanu likhale pa Mason yekha. Mu Piper amamenya ngati wina aliyense wa nthawi imeneyo, timitengo, mbale zachitsulo zikulira pamwamba. Munyimbo iyi wasiya timitengo wamba, wagwira tija tokhala ndi mitu yofewa, akugunda ng'oma zapansi zokha. Phokoso lakuthwa mulibe. Muli mdidi wokha, ngati ng'oma ya kumudzi wa kutsidya kwa dambo yomwe umaimva pachifuwa makutu asanaimve.

Ndinayesa kuitsatira kunyumba. Ndinamanga masokosi akale kumapeto kwa timitengo ndi mphira wa chubu, n'kuyamba kugunda. Zomwe ndinapeza n'zakuti kuvuta kwake si liwiro, ndi kudzigwira. Dzanja limafuna kuthawira pa mbale yachitsulo, limafuna kukometsera pakatha mzere uliwonse, koma nyimboyo ikukuletsa. Mphindi zisanu zathunthu ukuzungulira malo amodzi, kukweza pang'ono, kutsitsa pang'ono. Mu Piper mulibe nyimbo yomwe imapempha kuleza mtima kotere.

Nachisale:
Achimwene a ku Bangwe mwandilowera m'kamwa. Bezi ya Waters nayo munyimbo yomweyo imangozungulira pa manoti atatu oyandikana, awiri mwa iwo otalikirana ndi theka la sitepe lokha. Ndicho chifukwa chake imamveka ngati ya kum'mawa, ngati yochokera ku chipululu. Mawu akenso Waters anabwereka m'ndakatulo zakale za ku China zomasuliridwa m'Chingerezi, ndipo saimba mokweza, amachita ngati akunong'oneza. Pamwamba pake Wright akuwaza limba ndi vibraphone, ija yomveka ngati mangolongondo achitsulo. Ndiye taonani: gitala, yomwe inali mfumu mu Piper, muno muyenera kuisaka ndi nyali. Gilmour ananenapo kuti munyimbo imeneyi muli gitala yake ndi ya Syd yomwe, kutanthauza kuti ndi nyimbo yokhayo momwe onse asanu akumveka. Koma magitala awiriwo ali pansi penipeni. Ufumu wasamukira ku bezi ndi limba. Kwa ine kusintha kwakukulu kwa chimbalechi n'kumeneko.

Malume a ku Leeds:
Nyimbo imeneyo sindingaitsutse, ndi yabwino zedi. Koma dziwani kuti anayamba kuijambula mu Ogasiti 1967, Syd akadalipo. Ndiye musanene kuti kuchoka kwake ndi komwe kunabweretsa zimenezi. Komanso mukuiwala Interstellar Overdrive, yomwe ili mu Piper momwemo, mphindi pafupifupi khumi popanda mawu. Ku UFO Club pa Tottenham Court Road ankaimba zazitali chonchi usiku wonse, magetsi amitundumitundu akuvina pakhoma, Syd akukhukhuza zingwe ndi laitala ya Zippo, kulira kwake kukudutsa m'kamakina kobwereza mawu ka Binson Echorec. Akapita kumatauni ang'onoang'ono anthu ankafuna See Emily Play, iwo n'kumawapatsa phokoso la mphindi makumi awiri, mpaka ena kumawathira mowa. Maimbidwe atali si Waters anawayambitsa. Anali a Syd kuyambira pachiyambi.

Bambo a Tadala:
Apa ndiye mwafika pamtima pa nkhani Malume, ndipo mwanena zoona. Utali wokha si chatsopano. Koma tayerekezani nyimbo ziwirizo, Interstellar Overdrive ndi ija yotchedwa dzina la chimbale chachiwiri, A Saucerful of Secrets.

Interstellar imayamba ndi kamzere ka gitala kotsetsereka, kenako aliyense amalowa m'tchire mwake. Palibe akudziwa komwe mnzake akulowera. Amasochera, amapezana, amasocheranso, mpaka kamzere kaja kabwerera kudzawasonkhanitsa kumapeto. Kukoma kwake n'koti zikhoza kugwa nthawi ina iliyonse. Ndi nyimbo ya anthu olimba mtima otsatira munthu mmodzi yemwe saopa kalikonse.

Saucerful ndi ina. Mphindi pafupifupi 12, koma inayalidwa maziko isanamangidwe. Waters ndi Mason anaphunzira zojambula mapulani a nyumba ku Regent Street Polytechnic, komwe anakumanirana ndi Wright, ndipo Gilmour anafotokozapo kuti nyimboyi anaijambula papepala ngati pulani, apa pakwere, apa patsike, osati ndi manoti a nyimbo. Ili ndi zigawo zinayi. Choyamba ndi mdima wa limba ndi mbale zachitsulo zomwe zikufufuma pang'onopang'ono. Chachiwiri ndi chipwirikiti, ng'oma zikubwereza mzere umodzi womwe anaudula pa tepi n'kuulumikiza kuti uzingozungulira, gitala ikulira ngati chitsulo chikupalidwa. Chachitatu ndi bata loopsa, longa la pambuyo pa mphepo yamkuntho. Chachinayi ndi chija Nachisale atifotokozere, chifukwa ndi cha anthu a limba.

Ndiye ndikuti: atataya munthu wopeka nyimbo, anatsala ndi anthu odziwa kumanga. Anagwiritsa ntchito chomwe anali nacho m'manja. Kuchokera apa msewu ndi wowongoka kukafika ku Echoes ya mu 1971, kenako Dark Side mu 1973.

Nachisale:
Chigawo chomalizacho, chomwe pambuyo pake chinatchedwa Celestial Voices, ndi nyimbo ya m'tchalitchi yeniyeni ngakhale ilibe liwu ndi limodzi lomwe. Ine ndimaimba limba kumpingo kwathu kuyambira ndili mtsikana, ndipo tsiku loyamba kuchimva manja anga anazindikira njira yake mutu usanaganize. Makodi ake ndi osavuta, amayambira pa B minor, amayenda pang'onopang'ono ngati anthu operekeza maliro, n'kubwerera pomwe anayambira. Ulendo uliwonse akabwerera pamawonjezereka kanthu, mpaka mawu a anthu alowa ngati kwaya, opanda mawu otchulika, kungoti aaa.

Loweruka lina titamaliza kuphunzira nyimbo za kwaya, ena atatuluka, ndinatsala ndekha n'kuyamba kuchiimba motsitsa. Amayi ena achikulire omwe ankasesa anaimitsa tsache, n'kukhala pa benchi mpaka ndinamaliza. Anandifunsa kuti ndi nambala chani m'buku la nyimbo. Nditawauza kuti ndi ya anyamata a ku England oimba rock, anangoti amene anapeka ameneyo anali ndi chisoni mumtima. Sindinawauze za Syd, sankamudziwa n'komwe.

Koma mphamvu ya chigawochi imachokera ku chipwirikiti chomwe chatsogola. Mukachidula n'kuchimvera pachokha, n'chokoma basi. Mukapirira mphindi zonse zija za phokoso, chikamalowa mumamva ngati mwatula katundu.

Yamie:
Anti, ndangoyesa kumvera pa foni pompano, koma mphindi zoyambazo sindikumva kanthu, kungokhala ngati mphepo.

Wang'oma wa ku Bangwe:
Sipika ya foni singatulutse zimenezo mphwanga. Peza mahedifoni otseka makutu onse, udikire usiku kukhale zii, uyambire pa nyimbo yoyamba osadumpha. Let There Be More Light ikulandira ndi bezi yothamanga yokhayokha, ndipo kumapeto kwake umva Gilmour akudzionetsa koyamba pa gitala. Zala zake n'zosiyana ndi za Syd. Syd ankakanda, kubaya, kuthyola. Gilmour amakoka noti imodzi n'kuisiya ipume.

Malume a ku Leeds:
Chabwino, ziwirizo ndavomera. Nanga Corporal Clegg? Nanga See-Saw? Corporal Clegg ndi Waters akuyesa kuvala malaya a Syd, nthabwala, timalipenga ta kazoo, koma malayawo sakumukwana. See-Saw ndi yokoma pang'ono koma yogonetsa tulo. Ndipo musaiwale It Would Be So Nice, yomwe anatulutsa payokha mu Epulo 1968 pofuna kuonetsa kuti angathe kupanga nyimbo ya pa wailesi popanda Syd. Inagwa chagada, ndipo eni akewo anadzaikana. Ngakhale owayendetsera zinthu, Peter Jenner ndi Andrew King, anasankha kutsatira Syd n'kusiya gululo, chifukwa sankakhulupirira kuti otsalawo angapite patali. Sanali anthu opusa amenewo. Anaona zomwe zinalipo pa nthawiyo.

Bambo a Tadala:
Corporal Clegg sindiikonda kwenikweni inenso, koma sindiitaya. Pansi pa nthabwalazo pali msilikali yemwe anabwera ku nkhondo wopanda mwendo. Bambo ake a Waters anafera ku nkhondo ku Anzio m'dziko la Italy mu 1944, iye ali khanda la miyezi isanu. Aka n'koyamba kuti akhudze bala limeneli munyimbo, ndipo analikhudza mwamanyazi, mobisalira kuseri kwa kazoo. Zaka khumi ndi chimodzi pambuyo pake bala lomwelo ndi lomwe linadzaza The Wall, kenako The Final Cut. Mbewu ikamamera sioneka bwino, timasamba tiwiri tokha.

Ndipo mfundo yanu ya It Would Be So Nice ikuthandiza ine Malume. Paliponse pomwe anayesa kutsanzira Syd anagwa. Pomwe anasiya kumutsanzira anaima.

Nachisale:
Ndiloleni ndimuikire kumbuyo Wright, chifukwa amaiwalika kawirikawiri. M'chimbalechi iye ndi yemwe ali ndi udindo waukulu pa kuimba, ndipo Remember a Day ndi yake. Mwa nyimbo zonse ndi yomwe ili pafupi kwambiri ndi Piper, yokumbukira ubwana, gitala yotsetsereka ya Syd ikulira kumbuyo ngati mbalame. Koma mzimu wake ndi wina. Syd akamaimba za ubwana amakhala ali mwana ndithu, ali m'kati mwa nthanoyo. Wright akuimba ngati wamkulu woyang'ana kumbuyo, wodziwa kuti sangabwerere. Piper ndi masana, ana akusewera pabwalo. Saucerful ndi madzulo a tsiku lomwelo, bwalo lili mbee.

Wang'oma wa ku Bangwe:
Munyimbo imeneyo ng'oma si Mason, anamenya ndi Norman Smith mwini wake. Mukamvetsera muona kuti dzanja ndi lina.

Bambo a Tadala:
Zoona, ndipo za Smith n'zofunika kuzitchula. Munthu ameneyu anali injiniya wa The Beatles mpaka Rubber Soul mu 1965, anazolowera nyimbo za mphindi zitatu zokhala ndi mutu ndi mchira. Pamene ankajambula Piper, The Beatles anali m'chipinda china cha nyumba yomweyo akupanga Sgt. Pepper. Smith ndiye anathandiza kuti nyimbo za Syd zikhale zaudongo, zokwana pa wailesi. Nyimbo yaitali ija ya Saucerful sanaikonde, ankaiona ngati phokoso chabe. Koma ubwino wake, anawaphunzitsa kagwiritsidwe ntchito ka zipangizo za mu situdiyo, ndipo anyamatawo anayamba kugwira okha mabatani. Kumbukirani kuti makina a nthawiyo ankajambula tinjira tinayi tokha pa tepi. Kuti uwonjezere china, unkayenera kuphatikiza zomwe wajambula kale n'kuzisamutsira pa tepi ina, ndipo ukaphatikiza sungazilekanitsenso. Kumanga nyimbo ya zigawo zinayi m'njira imeneyo kumafuna kudziwiratu komwe ukupita.

Ngakhale chikuto chinasintha. Pa Piper pali chithunzi cha nkhope zawo, monga ankachitira oimba onse. Pa Saucerful, chomwe chinali choyamba kuwakonzera okonza zikuto a Hipgnosis, Storm Thorgerson ndi Aubrey Powell, nkhope zawo ndi kadontho kakang'ono pakati pa zithunzi zosanjikizana. Kuyambira pamenepo gululi linayamba kusiya kugulitsa nkhope.

Mbuya wa ku Chipata:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete kuno ku Zambia. Nkhani yanuyi yandikumbutsa WITCH, anyamata a ku Kitwe aja a Jagari Chanda. Nawonso chimbale chawo choyamba, Introduction, ndi chaukali, chosapala, chojambulidwa ndi zipangizo zochepa. Anatsatiza In the Past mu 1974, koma ambiri a ife timati anadzipeza okha pa chachitatu, Lazy Bones!! cha mu 1975. Ndiye mwina chimbale chachiwiri ndi mlatho basi, anthu amakumbukira tsidya ili ndi tsidya lija. Kusiyana kwake n'koti a WITCH anawoloka ndi woimba wawo yemweyo. A Pink Floyd anawoloka atasiya wina kutsidya.

Wang'oma wa ku Bangwe:
Kwathu kuno tinganene za Ma Blacks. Evison Matafale atamwalira mu Novembala 2001, ambiri ankati zathera pomwepo, koma anyamata a ku Chileka anapitiriza ndi Kuimba 3 mpaka lero akuimbabe.

NaPhiri:
Achimwene, kufanana kulipo, koma pali kusiyana komwe kukundipangitsa kuti ndilankhule tsopano. Matafale anamwalira. Anthu analira, anaika maliro, otsala anatenga ntchito yake mwaulemu ndipo aliyense anawadalitsa. Syd sanamwalire. Anali moyo, mumzinda womwewo, akudziwa kuti anzake akuimba nyimbo zake ndi munthu wina ataima pamalo pake, munthuyonso mnzake wa paubwana. Anakhala moyo mpaka 2006.

Mchimwene wanga wamkulu anadwala matenda a m'maganizo ali ndi zaka za m'ma 20. Anali wanzeru kuposa tonse m'banja mwathu, wojambula zithunzi, woseketsa anthu. Zitayamba, sitinadziwe chochita. Chomwe sindiiwala ndi tsiku la ukwati wa msuweni wathu. Tinavala, tinakwera galimoto, ndipo palibe ananena kuti timusiye, komanso palibe ananena kuti timutenge. Anaima pakhonde atavala malaya ake oyera omwe anasita yekha, akutiyang'ana tikutuluka pageti. Mayi anga analira njira yonse. Ndiye ndikamva za galimoto ija ya ku Southampton, sinditha kuwaweruza anyamatawo, anali ana a zaka 21 mpaka 24, otopa, amantha, ndipo nthawi imeneyo matendawa sankakambidwa poyera. Koma sindithanso kumvera chimbalechi ngati nkhani ya maimbidwe chabe.

Mukunena za kumanga, za mapulani, za bezi ndi limba, zonse n'zoona. Koma chimbalechi chimatha ndi Jugband Blues, nyimbo ija ya Syd. Munthu akuimba yekha za kusakhalapo kwake, akuthokoza anzake mwaulemu wopweteka chifukwa chomuganizira. Ankadziwa zomwe zinkamuchitikira. Anthu amaganiza kuti wodwala chonchi sazindikira, koma amazindikira zonse.

Nachisale:
Pepani kwambiri achemwali. Zikomo potikhulupirira ndi nkhani imeneyi. Achimwene anuwo ali bwanji pano?

NaPhiri:
Aliko bwino, akumwa mankhwala mokhulupirika, amakhala ndi ine. Anayambiranso kujambula chaka chatha.

Malume a ku Leeds:
Mulungu awasunge, mlongo wanga. Mwanena chomwe ine ndimalephera kuchitchula, n'kumangochizungulira ndi mikangano ya nyimbo iyi ndi iyo. Mwina chomwe chimandivuta ndi chimbalechi si kufooka kwake, koma kuti ndimamva malo opanda munthu paliponse m'menemo.

Ndiwonjezere za Jugband Blues. Anaijambula mu Okutobala 1967 ku situdiyo ya De Lane Lea. Syd anapempha kuti abwere oimba malipenga a Salvation Army, ndipo anabwera asanu ndi atatu. Iye ankafuna kuti aliyense aimbe chomwe akufuna, Smith ankafuna zolembedwa. Zomwe timamva pakati pa nyimboyo ndi malipenga oyamba mwadongosolo ngati a pa perete, kenako n'kumwazikana. Pa nthawi yomweyo analembanso Vegetable Man ndi Scream Thy Last Scream, koma sizinatulutsidwe mpaka 2016. Zikanalowa m'chimbalechi bwenzi tikukamba nkhani ina.

Ndipo kuti ndisawalakwire otsalawo: sanamutayiretu. Gilmour ndi Waters anathandiza kujambula The Madcap Laughs, chimbale choyamba cha Syd payekha, ndipo Gilmour ndi Wright anagwira naye ntchito pa chimbale chake chachiwiri, zonse ziwiri za mu 1970. Gilmour ankaonetsetsanso kuti ndalama za nyimbo zake zizimufika.

Bambo a Tadala:
NaPhiri, mwandiphunzitsa kanthu lero. Ndinabwera ndi mfundo yoti gululi linabadwira m'chimbalechi, ndipo ndikadali pomwepo, koma ndinkalankhula ngati kubadwako kunali kwaulere. Ndikaganiza bwino, kulemera komwe ndinakutchula poyamba paja, kuyenda mwachifatse kuja, mwina si luso la mapulani lokha. Anthu omwe achita chinthu chowavutitsa mumtima saimba mojowajowa. Ndipo nkhani ya munthu wosowa pakati pa anzake sinawachoke, inabweranso mu Dark Side, inabweranso mu Wish You Were Here mu 1975.

Anthu a nthawiyo sanachikane chimbalechi, chinafika pa nambala 9 ku Britain. Kumapeto kwa Juni 1968 komweko anaimba ulere ku Hyde Park pamodzi ndi Jethro Tull, Roy Harper ndi Tyrannosaurus Rex. Nyimbo ziwiri zija, Set the Controls ndi Saucerful, zinakhala msana wa zoimba zawo kwa zaka zingapo. Yamie, ukafuna kuona momwe zinakulira, pali za pa siteji m'chimbale cha Ummagumma cha 1969, komanso kanema yemwe anajambula m'bwalo lakale la ku Pompeii, m'dziko la Italy, mu 1971 popanda oonerera. M'menemo uona Gilmour atakhala pansi, gitala ili pafumbi, akuikhukhuza ndi chitsulo, Waters akumenya chimbale chachikulu chamkuwa dzuwa lili kumbuyo kwake.

Wang'oma wa ku Bangwe:
Mason mwini wake amati pa zimbale zonse za Pink Floyd ichi ndi chomwe amachikonda kwambiri. Mu 2018 anayambitsa gulu loimba nyimbo zakale zokhazokha za nthawi imeneyi, ndipo analitcha dzina la chimbale chomwechi.

Malume a ku Leeds:
Amenewo ndinakawaonera atabwera kuno kumpoto kwa England. Bambo wa zaka zoposa 70 ali pa ng'oma, nkhope ili mwee. Anaimba za mu Piper ndi za mu Saucerful mosakaniza, ndipo ndivomere kuti pa siteji sizinkamveka ngati za magulu awiri. Komabe mukandifunsa chimbale chomwe ndingatenge nditauzidwa kusankha chimodzi, ndi Piper. Pamenepo sindisuntha a Bambo a Tadala.

Bambo a Tadala:
Sindikukusunthani Malume. Inu sungani cha masana, ine ndisunga cha madzulo, monga ananenera Nachisale.

Yamie:
Ndabweranso. Ndinabwereka mahedifoni kwa mnzanga wa m'chipinda, ndinadikira mpaka cha m'ma 11 usiku, ndamvera chonse osadumpha monga munandiuzira achimwene. Pa Set the Controls ndinapezeka ndikugwedeza mutu osadziwa. Chipwirikiti chija chinandivuta, kawiri konse dzanja linapita pa foni kuti ndidumphe, koma ndinapirira, ndipo limba lija litalowa tsitsi linandiimirira. Anti Nachisale munanena zoona.

Koma chomwe chandisiya maso ali gwa mpaka pano ndi mapeto a Jugband Blues. Malipenga aja akusokonekera, mawu akuzungulira kuchoka khutu ili kupita khutu ilo, ndiye mwadzidzidzi zonse zinangoduka. Ndinaganiza kuti batire latha, mpaka ndinayang'ana foni. Kenako kagitala kouma kanayamba kumveka chapatali, ndi mawu ake yekha, otsika, ngati munthu woimbira m'chipinda china chitseko chili chotseka. Mizere ingapo basi, n'kuzilala. Anti NaPhiri, ndinakumbukira achimwene anu ali pakhonde paja ndi malaya oyera. Muwapatse moni wanga, ndipo ngati angalole, tsiku lina mudzatitumizireko chimodzi mwa zithunzi zomwe akujambulazo.

NaPhiri:
Ndawauza, amwetulira. Akuti akumalizitsa cha mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba yathu, chikauma utoto ndidzachijambula ndi foni n'kuchiika pano.